Kodi ndi misala kukonda mbuzi chonchi?

Mwini Mawanga: Moni nonse pagulu pano. Funso langa si la matenda kapena la malonda, mundikhululukire. Ndili ndi mbuzi yaikazi, dzina lake Mawanga. Yakalamba ndithu, mano ayamba kuguluka ndipo inasiya kuswa. Kunabwera munthu woti aigule, ine ndinakana. Tsopano abale anga akundiseka, akuti mbuzi yosaswa ikungomaliza udzu wa zinzake. Chimene chikundidabwitsa n'chakuti munthu akamalira galu wake atafa, anthu amamumvetsa. Koma ukangonena kuti mtima ukundiwawa chifukwa cha mbuzi, onse amafa nalo phwete. Anzanga oweta, inunso zimakuchitikirani? Kapena ndine ndekha wopenga?

Kholalanga: Simuli nokha ayi, amayi. Ine m'mawa ndisanasambe n'komwe ndimayamba ndazungulira kukhola. Sikuti ndikawerenge ngati zonse zilipo, ndimadziwa kuti zilipo. Ndimangofuna kuziona zikudzuka, zikudziwongola, tiana tikudumphadumpha popanda chifukwa. Ngati mtima wakana, musagulitse.

Tonde Wamkulu: Ndiyankhuleko ine wachikulire, ngakhale ndikudziwa kuti mundiukira. Mbuzi ndi chiweto, si mwana. Timaweta kuti tipeze mkaka, nyama, manyowa, ndi pogwira tsiku la mavuto. Akale anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo sankanama. Mukayamba kuzitcha mayina ndi kucheza nazo, tsiku logulitsa mudzalira, kenaka khola lidzadzaza ndi nkhalamba zosapindulitsa. Zanga zilibe mayina ndipo ndimagona tulo tabwino.

Mkamamkaka: Tulo tabwino, bambo @Tonde Wamkulu? Nanga amene ankatidzutsa pagulu pano pakati pa usiku kufunsa za msoti wovutika kuswa anali ndani? Munachezera kukhola usiku umene uja, tonse tikukumbukira kkkk.

Tonde Wamkulu: Imeneyo inali nkhani ya chuma, mayi. Ikanafa ndikanataya make ndi ana awiri.

Mkamamkaka: Chabwino, chuma. Nanga chithunzi munatumiza m'mawa mwake chija, mutafungatira kamwana m'jekete?

Tonde Wamkulu: Kunkazizira.

Kholalanga: Kkkkkk bambo mwagwidwa.

Wowerenga: Ndiloleni ndiponyepo zimene ndinawerenga, chifukwa funso la amayi a Mawanga akatswiri ena analifufuzako. Ku Queen Mary University of London kunali gulu lotsogoleredwa ndi Alan McElligott, lomwe linkachita kafukufuku pa mbuzi za ku Buttercups, malo osungirako mbuzi zotayidwa ndi zozunzidwa ku Kent, m'dziko la England. Mu 2016 anafalitsa zotsatira za kuyesa kwina kosavuta kumva. Anaphunzitsa mbuzi kuchotsa chivindikiro pakabokosi kuti zipeze chakudya. Zitazolowera, anamata chivindikirocho kuti chisachoke. Mbuzi zitalimbana nacho n'kulephera, zinkatembenuka kuyang'ana munthu amene anali pomwepo, kenaka kabokosi, kenaka munthu uja. Ndipo zinkatero msanga komanso kwa nthawi yaitali munthuyo akakhala kuti waziyang'ana, kusiyana ndi pamene wazifulatira. Agalu ndi akavalo amachitanso zomwezo, koma iwo anthu anawaweta kuti azigwira nawo ntchito limodzi. Mbuzi tinaiwetera mkaka, nyama ndi chikopa, komabe imadziwa kuti ikasowa chochita, nkhope ya munthu ndiye poyang'ana.

Mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 gulu lomwelo linaonetsa mbuzi 20 zithunzi za anthu omwe sizinawaonepo, china munthu akumwetulira, china munthu yemweyo atakwiya. Zinkakonda kuyamba kupita ku chomwetulira n'kumachinunkhiza. Ndiye amayi, mukamalowa m'khola mutakwinya nkhope, dziwani kuti Mawanga akuona.

Wophunzira Kuweta: Achimwene @Wowerenga, zikomo, koma ine ndikuona ngati zimenezi zikungosonyeza kuti mbuzi ndi yochenjera. Kuchenjera ndi kukonda n'zosiyana. Mwina imangotiona ngati chidebe cha chakudya choyenda ndi miyendo iwiri. Ndikufunsa moona mtima, chifukwa ndangoyamba kumene kuweta ndipo yanga imandithamangira pokhapokha ndikanyamula kanthu m'manja.

Wowerenga: Mwanena zoona, ndipo ofufuzawo sananene kuti apeza chikondi m'mutu mwa mbuzi. Chimene anapeza n'chakuti imasiyanitsa anthu, imawerenga nkhope, ndipo siiwala msanga. Elodie Briefer, wa gulu lomwelo, mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2012 anajambula mawu a tiana ta mbuzi, n'kudzawaseweretsa kwa amake patapita chaka, tianato titasiya kale kuyamwa ndi kuchotsedwa. Amake ankayankhabe kwambiri kulira kwa ana awo kusiyana ndi kwa ana a zinzawo. Mu kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2014 anaphunzitsanso mbuzi kutsegula bokosi lofunika kukoka kachitsulo ndi kamwa kenaka n'kukatukula ndi mphuno. Patadutsa miyezi 10 osaliona bokosilo, zinalitsegula mosavuta. Nyama yokumbukira chonchi imakumbukiranso dzanja limene limaikanda ndi dzanja limene limaimenya. Dzina loti tipatse zimenezo, aliyense asankhe yekha.

Agogo a Timbuzi: Mdzukulu wanga @Wophunzira Kuweta, usaiyese mbuzi ili ndi njala. Ili ndi njala ithamangira aliyense, ngakhale wakuba. Uiyese madzulo itakhuta. Ukhale pansi pafupi ndi khola, m'manja mulibe kanthu, usaiitane. Ikabwera n'kudzagona pambali pako n'kuyamba kubzikula, imeneyo yakulandira. Mbuzi siibzikula ili ndi mantha. Kubzikula kumafuna mtima uli m'malo, maso atatsinzina pang'ono. Zanga zina zimatsamiritsa mutu pabondo panga n'kumabzikula, ine n'kumazikanda kuseri kwa nyanga kumene sizitha kudzikanda bwino. Mlendo akangofika zimadzambatuka. Yako sinakuzolowere, uipatse nthawi.

Wophunzira Kuweta: Zikomo agogo, ndiyesa madzulo ano.

Namaziweto: Ine ndimagwira ntchito ya zaumoyo wa ziweto, ndiye ndiyankhula kuchokera mbali imeneyo. Abale a amayi a Mawanga akuganiza kuti chikondi n'chotayitsa chuma. Zimene ndimaona ine n'zosiyana. Mbuzi ndi nyama imene kutchire inkadyedwa ndi zilombo, ndiye imabisa kudwala mpaka itafookeratu, chifukwa yooneka yofooka ndi imene chilombo chimayamba kugwira. Mlimi amene amangowerenga mitu potsekera khola amadziwa kuti mbuzi ikudwala itagona kale osadzuka, ndipo pamenepo nthawi zambiri ife timafika mochedwa. Koma amene amazidziwa imodzi imodzi amandiimbira n'kunena kuti, yakutiyakuti lero yatsalira m'mbuyo, sinalimbirane chakudya monga imachitira, mchira waugwetsa, sikubzikula. Mawu ngati amenewa ndi amene amapulumutsa mbuzi. Munthu sangaone kuti khalidwe lasintha ngati sankalidziwa kale.

Ndipatse chitsanzo. Chimene chimapha mbuzi zambiri m'madera otentha ndi achinyezi ndi njoka za m'mimba, makamaka ya mtundu wa Haemonchus contortus. Imakhala m'chifu chachinayi n'kumayamwa magazi. Mbuzi imatha magazi pang'onopang'ono, nthawi zina popanda kutsegula m'mimba, kenaka pansi pa chibwano pamatupa madzi. Ku South Africa anakonza njira yotchedwa FAMACHA. Mumatsitsa chikope cha m'munsi n'kuyerekeza mtundu wake ndi kakhadi ka mitundu isanu, kuyambira wofiira bwino mpaka woyera. Yofiira ili bwino, yotuwa kapena yoyera ikufunika mankhwala. Ubwino wake n'ngwakuti mumamwetsa zokhazo zofunika, osati khola lonse, chifukwa kumwetsa zonse nthawi ndi nthawi n'kumene kwachititsa kuti njoka zisamafenso ndi mankhwala. Tsono taganizani, mbuzi yosazolowera kugwidwa ingakuloleni kuitsegula diso kawirikawiri? Mudzathamangitsana nayo mpaka nonse mutatopa, ndipo mapeto ake mudzasiya. Yozolowera manja anu imangoima.

Tonde Wamkulu: Apa mayi mwanena zomveka, ndipo sindikutsutsa. Kudziwa ziweto zako ndi ntchito ya mlimi aliyense. Chimene ndimadana nacho ine ndi chikondi chopusa chimene ndimachiona pa intaneti. Mbuzi aiveka juzi, aigoneka pabedi, akuidyetsa buledi ndi mabisiketi. Imeneyo si mbuzinso, ndipo sindikhulupirira kuti ikusangalala.

Namaziweto: Pamenepo tili limodzi, bambo. Chikondi chimapha mbuzi chikamadutsira pakamwa pokha. Mimba ya mbuzi ili ndi zigawo zinayi, ndipo m'chigawo chachikulu muli tizilombo timene timagaya masamba ndi udzu. Mukaipatsa chimanga, tirigu kapena buledi wambiri mwadzidzidzi, tizilombo tina timachuluka n'kupanga asidi, tabwino tija timafa, mimba imaima. Mbuzi imafufuma, imakukuta mano, ndipo ikhoza kufa tsiku lomwelo kapena lotsatira. Kusintha chakudya mwadzidzidzi kumadzutsanso kachilombo ka Clostridium perfringens m'matumbo, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri kamatenga kamwana konenepa bwino, kamene mwini wake amakanyadira. Katemera wake alipo, funsani dokotala wa ziweto wa kwanuko.

Kwa amene mumasunga mbuzi zazimuna zofula chifukwa chongozikonda, chenjerani ndi miyala ya m'chikhodzodzo. Njira yake ya mkodzo ndi yopapatiza, ndipo chakudya cha mbewu chikachuluka timiyala timatseka. Mukaona ikudzikakamiza kukodza, ikulira, mkodzo ukungodontha, musadikire kuti kuche. Zimenezi sizifuna zonona, zimafuna udzu, masamba, mchere wonyambita ndi madzi oyera okwanira.

Kholalanga: Achemwali @Namaziweto, onjezerani za pulasitiki. Anthu amati mbuzi imadya chilichonse, koma zanga zimakana udzu umene wapondedwa ndiponso madzi akagweramo kanthu sizimwa.

Namaziweto: Eya, mbuzi ndi yosankha kwambiri. Imalawa zinthu ndi milomo chifukwa ndimo imafufuzira, ndiye anthu amayesa ikudya. Koma pulasitiki wokhala ndi fungo la chakudya kapena mchere imamezadi, ndipo sagayika. Amaunjikana m'mimba, mbuzi imangowonda ikudya. Wokonda mbuzi azitola mapepala pamalo podyetsera. Ntchito yosasangalatsa, palibe amaijambula chithunzi, koma ndi yofunika kuposa juzi.

Mkamamkaka: Ndiwonjezere china pa chikondi chopusa. Kamwana kakamuna koleredwa ndi botolo kamakoma kusewera nako. Ana amakakankha pamutu, iko n'kumagunda dzanja, onse n'kumaseka. Kakakula n'kukhala tonde wanyanga zake, masewera aja sawaiwala, ndipo saopa munthu chifukwa anakulira m'manja. Tonde wa mtundu wa Boer amatha kupitirira makilogalamu 100. Akagunda mwana kapena munthu wokalamba si nkhani yoseketsanso, ndipo mapeto ake amene amaphedwa ndi tonde yemweyo. Kandani pakhosi ndi pamsana, pamphumi ayi.

Mwini Mawanga: Zikomo nonse, mtima wanga wakhala pansi. Tsono poti ndaisunga, ndiisamale bwanji? Ikuwonda ngakhale ndikuipatsa chakudya chofanana ndi zinzake.

Namaziweto: Amayi, yambani ndi kukamwa. Mbuzi ilibe mano akutsogolo m'mwamba, ili ndi nkhama yolimba basi, ndipo m'munsi muli mano asanu ndi atatu amene amakwanira ikafika zaka pafupifupi 4. Ikakalamba manowa amatalikirana, amagwedera, amaguluka, ndiye imalephera kubudula udzu waufupi kapena wouma. Muziidulira masamba ofewa, muziipatsa payokha kuti zinzake zisailande, chifukwa m'khola muli akuluakulu ndi ang'onoang'ono ndipo yokalamba imatsika udindo. Onani chikope monga ndafotokozera, popeza yokalamba njoka zimaigonjetsa msanga. Muziwenga ziboda, chifukwa yosayenda kwambiri ziboda zimakula n'kupindika. Pogona pakhale pouma, popanda mphepo. Ndipo musaisiye ndi tonde, bere la paukalamba likhoza kuitenga. Mbuzi yosamalidwa bwino imatha kufika zaka 15, zina kupitirira. Koma ndinene ichi mosabisa: tsiku limene idzalephere kudzuka yokha, ikumva ululu wosachizika, kuisunga kudzakhala kudzikonda inuyo, osati kuikonda iyo. Pamenepo mudzaitane dokotala.

Wophunzira Kuweta: Ndifunse funso lovuta, musandikalipire. Nonsenu mukuti mumazikonda. Koma ambiri mumagulitsa, ena mumapha. Zimatheka bwanji kulera kanthu kuyambira tsiku lobadwa, kukakanda, kukaitana dzina, kenaka n'kukapereka kwa wonola mpeni?

Mtima Wofewa: Funso limeneli ndimafuna ndilifunse ndine. Kwa ine sizitheka, ndipo ndinasiya kudya nyama ya mbuzi nditayamba kuweta. Zanga zidzafa ndi ukalamba. Kunena zoona, ndikamva munthu akuti ndimaikonda koma mawa ndiipha, ndimaona kuti ndi chinyengo. Chimene umachikonda suchipha.

Mkamamkaka: Achemwali @Mtima Wofewa, muli ndi mbuzi zingati, ndipo zimaswa?

Mtima Wofewa: Zitatu, zonse zofula. Sindifuna zoswa.

Mkamamkaka: Ndiye nkhani yanu ndi yopepuka, ndipo sindikukunyozani. Koma mkaka mumamwa? Ndikufunsa chifukwa mkaka subwera wokha. Mbuzi imayenera kutenga bere, kukhala nalo masiku pafupifupi 150, n'kuswa, kawirikawiri ana awiri. Mwa anawo, pafupifupi theka ndi aamuna. Ine ndimaweta za mkaka, za mtundu wa Saanen zosakanizidwa. Ndikati ndisunge kamwana kalikonse kobadwa, m'zaka zochepa khola lidzaza, udzu utha, njoka zichuluka chifukwa cha kuthithikana, atonde ayamba kukwera amawo ndi alongo awo, ndipo zonse zivutika, kuphatikizapo zimene ndimazikonda kwambiri. Kuchotsa zina ndi mbali ya kusamala zotsala. Sindinena kuti sizipweteka. Tsiku logulitsa sindidya bwino, ndipo make akamalira madzulo kufunafuna mwana ndimatseka zenera. Koma kundinena kuti ndine wachinyengo ndiye ayi. Ndine amene ndinakapukuta kamwanako kakubadwa, ndinaonetsetsa kuti kayamwa mkaka woyamba m'maola oyambirira, ndinakadzukira usiku. Moyo wake wonse kanakhala kokhuta ndi kopanda mantha.

Mtima Wofewa: Kopanda mantha mpaka tsiku lomaliza. Ndipo kanapita kwa wogula mosavuta chifukwa kankakukhulupirirani. Chimenecho ndiye chimandiwawa kwambiri.

Kholalanga: Mawu amenewo alasa, achemwali, sindinama. Ine njira yanga ndi iyi: ndimasankhiratu tiana tikadali tating'ono. Tosunga ndimatitcha mayina. Togulitsa ndimatisamala chimodzimodzi, chakudya chimodzi, mankhwala amodzi, koma sinditinyamula kapena kucheza nato. Ndimadziteteza ndekha. Nthawi zina zimakanika, kamodzi kamangokusankha iko, kukutsata paliponse, ndiye kamalowa m'gulu la zotsala ngakhale kalibe maonekedwe abwino.

Tonde Wamkulu: Mwana wanga @Wophunzira Kuweta, ndikuyankhe ine amene andipanga woipa pagulu pano. Ndimagulitsa, ndimapha, ndipo sindipepesa. Koma pali zimene sindilola. Wogula akabwera n'kuyamba kukoka mbuzi ndi khutu kapena mwendo umodzi, malonda athera pomwepo, atenge ndalama zake azipita. Sindigulitsa kwa munthu woti akaimanga miyendo yonse n'kuisiya padzuwa tsiku lonse popanda madzi. Sindigulitsa yabere lalikulu kwa opha. Ndikamapha ndekha, ndimaichotsa kutali ndi zinzake, sindiithamangitsa, mpeni ndimanolera kwina ndipo umakhala wakuthwa kuti zithe msanga. Ena amati n'chifukwa choti nyama ya chiweto chopanikizika siikoma, ndipo n'zoona. Koma ngakhale ikanakoma ndikanachita chimodzimodzi. Inandidyetsa, inandiphunzitsira ana. Siiyenera kufa mwachipongwe.

Agogo a Timbuzi: Mwamva, ana inu? Uyu ndi munthu amene amati zake zilibe mayina.

Mtima Wofewa: Ndamva bambo, ndipo ndikulemekeza kuti simuzizunza. Koma sindinasinthe maganizo. Kupha mwaulemu ndi kuphabe.

Woyang'anira Gulu: Tiyeni tipitirize mwaulemu chonchi, abale. Pagulu pano pali oweta nyama, oweta mkaka, oweta ubweya, ndi ongosunga chifukwa chokonda. Mawu oti chinyengo kapena misala tisatchulane.

Wowerenga: Mkangano umenewu suyamba ndi ife. Mbuzi ndi imodzi mwa nyama zoyambirira kuwetedwa, zaka pafupifupi 10,000 zapitazo. Pamalo otchedwa Ganj Dareh, m'mapiri a Zagros ku Iran, ofukula zakale anapeza mafupa osonyeza kuti anthu akumeneko ankapha kwambiri timatonde tating'ono n'kumasunga zazikazi mpaka zitakula. Ndi zomwe mayi @Mkamamkaka akufotokoza, zinayamba kalekale choncho. Anapezanso mapazi a mbuzi atadinda panjerwa zadothi zisanaume, kusonyeza kuti zinkayendayenda pakati pa nyumba za anthu. Lero padziko lonse pali mbuzi zopitirira biliyoni imodzi, zambiri zili ndi mabanja osauka ku Asia ndi ku Africa, kumene mbuzi imodzi ndi mkaka wa mwana komanso ndalama ya kuchipatala. Banja lotero silingasunge mbuzi mpaka ukalamba ngati achemwali @Mtima Wofewa, koma ndani anganene kuti mwana amene amaidyetsa tsiku ndi tsiku saikonda? Kusunga nkhalamba yosapindulitsa ndi mwayi wa amene ali ndi msipu wokwanira. Amayi a Mawanga ali nawo mwayiwo, augwiritse ntchito, koma tisaweruze amene alibe.

Kholalanga: Nkhani yalemera, tipumeko. Ndani ali ndi mbuzi yamwano kuposa yanga? Yanga ina yaphunzira kutsegula chitseko cha khola ndi mlomo. Chokwiyitsa n'chakuti siithawa. Imatsegulira zinzake, izo n'kupita kukaononga mbewu, iyo n'kutsala m'khola kumandiyang'ana.

Wowerenga: Yanu ndi yaulemu poyerekeza ndi William Windsor kkkk. Ameneyu anali tonde wa gulu la asilikali a Britain lotchedwa Royal Welsh, lomwe mwamwambo limakhala ndi mbuzi yoguba nawo pa perete. Anali ndi udindo weniweni wa lance corporal. Mu 2006, pa perete wokondwerera kuti Mfumukazi Elizabeth yakwanitsa zaka 80, ku Cyprus, anakana kuyenda pamzere n'kufuna kugunda woimba ng'oma. Anamuzenga mlandu n'kumutsitsa udindo. Patapita miyezi itatu anaguba bwino pa perete wina ndipo anamubwezera. Anapuma ntchito mu 2009 n'kukakhala kumalo osungirako nyama a Whipsnade.

Tonde Wamkulu: Mwaona? Ngakhale asilikali amadziwa kuti mbuzi imafuna mwambo.

Mkamamkaka: Amadziwanso kuti nkhalamba imapuma ntchito, siigulitsidwa, bambo.

Wophunzira Kuweta: Agogo, ndayesa zija. Ndinakhala pansi osanyamula kanthu. Inabwera, inandinunkhiza, inatafuna kolala ya malaya anga, koma sinagone. Ndipo nditangolowa m'nyumba inayamba kulira mokweza mpaka oyandikana nawo adandaula. Imachita chonchi tsiku lililonse ndikachoka. Kodi ndiye kuti imandikonda kwambiri?

Agogo a Timbuzi: Ili ndi inzake?

Wophunzira Kuweta: Ayi, ndi imodzi yokha. Ndimafuna ndiyambe ndi imodzi kuti ndiphunzire.

Agogo a Timbuzi: Ndiye sikulira chikondi, mdzukulu wanga, ikulira mantha. Mbuzi siikhala yokha. Pagulu ina ikamadya ina imayang'ana, ina ikagona ina ili maso. Ikakhala yokha ilibe woyang'anira, ndiye siipuma, n'chifukwa chake sinagone pambali pako. Iwe sungakhale nayo usana ndi usiku. Ipezere inzake.

Namaziweto: Agogo anena zoona. Yokhala yokha imadya pang'ono, imalumpha mpanda, ndipo imadwaladwala. Pezani inzake yofanana nayo msinkhu. Ngati yanu ndi yaikazi ndipo simunakonzeke zoswetsa, tengani yaikazi inzake kapena yofula, osati tonde, chifukwa msoti ukhoza kutenga bere ukadali wamng'ono kwambiri, thupi lisanakhwime. Koma musaiphatikize tsiku lomwelo. Yatsopano ikhale payokha milungu itatu kapena inayi, pamalo poti sizikhudzana mphuno kapena kumwera pamodzi. M'masiku amenewo muone ngati ikutsokomola, ikutuluka mamina, ili ndi zilonda pamilomo, zotupa pakhosi, kapena ikutsegula m'mimba. Yezani kutentha kwa thupi, kwabwino kumakhala pakati pa madigiri 38.5 ndi 40. Matenda ngati PPR, mliri wa mbuzi ndi nkhosa, amene mabungwe a FAO (loona za chakudya ndi ulimi) ndi WOAH (loona za umoyo wa nyama) akufuna kuwathetsa padziko lonse pofika 2030, amalowa m'khola kudzera mu chiweto chatsopano chomwe chikuoneka chabwinobwino. Funsani wogulitsa za katemera amene inalandira.

Wophunzira Kuweta: Nanga zikadzaphatikizana sizidzamenyana? Yanga ili ndi nyanga.

Mkamamkaka: Zidzagundana ndithu, musadzachite mantha. Zimaimirira ndi miyendo yakumbuyo n'kugundana mitu, zikufuna zidziwe wamkulu ndani, ndipo zikadziwana zimasiya. Inu mudzangoonetsetsa kuti malo ndi otakasuka kuti yogonja ithe kuthawa, osati pakona. Ikani modyera muwiri motalikirana, apo ayi yamphamvu idzatsekereza inzake. Ndipo ngati yanu ili ndi nyanga, pezaninso yanyanga. Yopanda nyanga imavulazidwa m'nthiti ndi pamimba.

Wophunzira Kuweta: Chabwino. Koma ndikuopa kuti ikapeza inzake indiiwala ine.

Kholalanga: Idzasiya kukulirirani, zimenezo n'zoona, ndipo masiku oyamba mudzachita kansanje. Koma pitirizani kukhala nazo madzulo monga anenera agogo. Yanu yakale ndi imene idzaphunzitse yatsopano kuti inu si woopsa, chifukwa mbuzi imatsanzira inzake. Kenaka vuto lanu lidzakhala lina: mukamakanda imodzi, inayo idzalowetsa mutu pakati n'kuikankha. Manja muli nawo awiri, ndiye ziwiri n'zokwana poyambira.

Tonde Wamkulu: Ndipo ukonze chotsekera chitseko chisanafike chiweto chachiwiri. Chikhale chakunja, pamwamba, poti mlomo sungafike. Funsa a @Kholalanga.